KUONA MASO A NKHONO N'KUDEKHA

Caka ndi caka, cimanga cikalowa m'nkhokwe ndipo mphepo ya mwezi wa August ikayamba kuulutsa fumbi, mabasi oyenda pa mseu wa Great East amadzaza ndi anthu ocokera ku Lundazi, Chipata, Chadiza, Katete, Petauke ndi Nyimba. Ambiri mwa iwo amakhala ali pa ulendo wokaona abale ao okhala m'makomboni a mu Lusaka monga Kanyama, Matero, Chawama, Kalingalinga, Mtendere ndi George. Amanyamula nshawa, mbatata ndi nkhuku, ndipo akafika amalandiridwa ndi manja awiri.

Mlendo akagona masiku awiri kapena atatu, mwini nyumba amafuna kumuonetsa mzinda. Banja lonse limavala zovala za pa Sabata n'kukwera minibasi kupita ku malo osangalalirako. Ena amapita ku Sho, cionetsero ca zaulimi ndi zamalonda cimene cimatha pa Tsiku la Alimi, Lolemba loyamba la mwezi wa August. Ena amapita ku Munda Wanga ku Chilanga, ena ku mudzi wa zacikhalidwe wa Kabwata, ndipo enanso ku nyumba yosungiramo zinthu zakale imene ili pa mseu wa Independence.

Ulendo wotere si wa masewera kwa munthu wa m'komboni. Bambo amene agwira nchito ya ulonda, kapena mai amene agulitsa tomato pa msika, amasunga ndalama kwa miyezi ingapo, mwinanso kudikira tsiku lace la cilimba, kuti apeze ya minibasi, yolowera pa cipata ndi ya zakudya za anthu asanu ndi awiri. Popeza thukuta lakhetsedwa cotere, m'poyenera kufunsa kuti kodi banjalo limabwerako ndi ciani.

Kawiri-kawiri yankho limakhala lomvetsa cisoni. Ana amakumbukira katungwe ndi zozizira zimene anamwa. Akulu amabwera ndi zithunzi za pa foni, ndipo pa zithunzizo pamaoneka nkhope zao zokha. Zinthu zokongola zimene amisiri anapanga ndi manja ao, zimene banjalo linadutsa pambali pace tsiku lonse, palibe amene anaziyang'anitsitsa. Kumeneku n'kutaya theka la ndalama za ulendo, ndiponso n'kumana ana phunziro limene likanawathandiza moyo wao wonse.

KU SHO NDI KU MUNDA WANGA

Munthu wolowa mu Sho amakokedwa ndi phokoso la nyimbo ndi kukuwa kwa ana amene akwera makina ozungulira. Palibe colakwa pa zimenezi, pakuti mwana ayenera kusewera. Koma Sho yonse imaimirira pa nchito ya manja. Misasa yoonetseramo katundu imamangidwa ndi akalipentala, zikwangwani zimalembedwa ndi odziwa kugwira burashi, ndipo zitsulo zimene ana amakhalapo mosaopa kugwa zinaocereredwa ndi munthu amene anadziwa kuti moyo wa mwana wa mnzace udzadalira nchito yace. Alimi naonso amaonetsa luso posankha ndi kuyala zokolola zao. Cimanga cimene caikidwa pa cionetsero cimakhala ca mizere yoongoka ndi maso odzaza mpaka kunsonga, ndipo mwana wa mlimi akafunsidwa cifukwa cace cimeneco casankhidwa pakati pa zinzace, amayamba kuphunzira kusankha mbeu.

Ku Munda Wanga nakonso anthu amathamangira kukaona nyama n'kuiwala kuti malowo anayamba ngati munda wa maluwa ndi mitengo. Anauyamba ndi Ralph Sander m'zaka za m'ma 1950, ndipo dziko litalandira ufulu mundawo unakhala m'manja mwa boma. Dzina lace ndi la Cinyanja ceni-ceni, ndipo likunena zoona, cifukwa munda uliwonse umaonetsa mtima wa mwini wace. Woyenda modekha amaona kuti zomera zokonda mthunzi zinabzalidwa pansi pa mitengo ikulu-ikulu, zokonda dzuwa zinaikidwa poyera, ndipo tinjira ndi miyala zinayalidwa motsata kutsetsereka kwa malo kuti madzi a mvula asakokolole nthaka. Mlimi wa dimba wa ku Katete angatolepo nzeru zambiri kuposa zimene angatole poyang'ana nyani.

Mbiri ya mundawu ilinso ndi cenjezo. M'zaka za mavuto a zacuma, kuyambira m'ma 1980, malowo anaonongeka kwambiri cifukwa cosowa owasamalira, mpaka pamene anthu akufuna kwabwino anayamba kuwakonzanso kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Cinthu cokongola sicidzisunga cokha. Manja akacoka, chire limabwerera.

MUDZI WA KABWATA

Pa malo onse amene banja lingapiteko mu Lusaka, palibe poposa mudzi wa zacikhalidwe wa Kabwata pa mseu wa Burma kwa munthu wofuna kuona luso la manja. Nyumba zozungulira zofolera ndi udzu zimene zili pamenepo zinamangidwa ndi boma la atsamunda m'zaka za m'ma 1930 ndi 1940, pamene Lusaka inali itangokhala likulu m'caka ca 1935. Zinali nyumba za cipinda cimodzi zogonamo anthu akuda ogwira nchito mu mzinda. Zinalipo mazana angapo, koma zambiri zinagwetsedwa m'zaka za m'ma 1970 kuti pamangidwe nyumba zosanjikizana. Nyumba 43 zinasiyidwa, ndipo m'caka ca 1974 zinapatulidwa kuti zikhale malo a amisiri ocokera m'zigawo zonse za dziko. Motero malo amene kale anali cizindikiro ca kunyozedwa kwa munthu wakuda anasanduka malo oonetsera nzeru zace.

Cosiyanitsa Kabwata ndi sitolo ndi cakuti mmisiri amagwira nchito yace poyera. Munthu angathe kuona cipika ca mtengo cikusanduka njobvu, kuyambira pa nkhwangwa, kubwera pa kasemasema, kenaka pa mpeni ndi tupa, mpaka pa sandipepa ndi mafuta. Komabe si zacilendo kumva kholo likuuza ana ace kuti, "Ana inu fulumirani, izi n'za azungu." Mau amenewa ndi oopsa, cifukwa amaphunzitsa mwana kuti nzeru za agogo ace zinapangidwira alendo, ndipo iye alibe nazo gawo. Kholo lanzeru limaima, limapereka moni kwa mmisiri, ndipo limalola mwana kufunsa mwaulemu kuti, "Agogo, kodi njobvu iyi mwaisema masiku angati?" Amisiri ambiri amakondwa akafunsidwa cotere, popeza anazolowera kufunsidwa mtengo wokha.

KAYANG'ANIDWE KACE

Kuyang'ana cinthu copangidwa ndi manja kuli ndi njira yace, ndipo anthu a kumidzi ndiwo akuidziwa bwino kuposa obadwira m'tauni. Ici ndi cifukwa cace mlendo wocokera kumudzi sayenera kudziyesa mbuli akafika mu Lusaka. Pa nkhani imeneyi iye ndiye mphunzitsi wa ana a mbale wace.

Ciboliboli ca mtengo cimayamba kuweruzidwa ndi dzanja. Munthu acinyamule kuti amve kulemera kwace, acitembenuze kuti aone kunsi, ndipo aciimike pa malo osalala kuti aone ngati miyendo yonse yagunda pansi. Mmisiri wacangu cabe amasalaza kumaso kokha, koma mmisiri weni-weni amasalazanso kumimba ndi kuseri kwa makutu kumene wogula sayang'anako. Mizere ya mtengo nayonso imanena zambiri. Wodziwa nchito amasema motsata mizereyo kuti citamba ca njobvu kapena khosi la nyamalikiti lisathyoke, pamene wosadziwa amaidula pakati, ndipo cinthuco cimang'aluka cisanathe caka.

Mtundu wa mtengo uyeneranso kudziwika. Mlombwa, umene mu Lusaka amaucha mukwa, uli ndi mtima wofiirira, sugwidwa msanga ndi ciswe, ndipo supindika ukauma. Ndiwo mtengo wa zitseko, mipando ndi mbale zosema. Phingo ndi wolemera kwambiri, wakuda bii mkati koma woyera kunja, ndipo amisiri ena amasiya dala kacigawo koyerako kuti wogula adziwe kuti ndi phingo weni-weni. Pali ena osakhulupirika amene amatenga mtengo wopepuka n'kuupaka polishi wakuda wa nsapato. Cinyengo cimeneci cimaululika ndi kupepuka kwace ndiponso ndi kuda kumene kumatsala pa nsalu munthu akapukuta. Mwana amene waphunzira kusiyanitsa zimenezi waphunzira kuti kunyezimira si ubwino, ndipo phunziro limeneli lidzamuteteza pa zinthu zambiri zoposa ziboliboli.

Dengu limayang'anidwa kuyambira pansi, pamene woluka anayambira. Madengu a Atonga a ku cigwa ca Gwembe, olukidwa ndi mlaza, amayamba ndi ngodya zinai pansi koma amathera mozungulira kukamwa, ndipo maanga ace akuda amacokera ku mlaza womwewo umene waphikidwa ndi makungwa kapena mizu. Alozi a kumadzulo amaluka ao ndi mizu ya mtengo wa makenge, ndipo amaithina kwambiri kotero kuti dengu limalimba ngati thabwa. Licero la kum'mawa, lolukidwa ndi nsungwi, limadziwika ubwino wace pa mkombero. Ngati mkombero wamangidwa mothina ndi mofanana, licero lidzapeta zaka zambiri, koma ngati wamangidwa mwaulesi lidzamasuka pa dzinja loyamba. Mai aliyense wa ku Chadiza akudziwa zimenezi, koma mtsikana wobadwira mu Matero sangazidziwe ngati palibe womuonetsa.

Mbiya imaweruzidwa ndi khutu. Ikagogodedwa ndi cala n'kulira momveka bwino, ndiye kuti dothi la mtapo linapondedwa mokwanira ndipo inapsa bwino pa moto. Ikalira mogonthera, ili ndi mng'alu wobisika. Ng'oma nayonso ili ndi zace: kufanana kwa makoma ace mkati, kakokedwe ka cikumba, mtunda wa pakati pa zikhomo, ndi phula limene limamatidwa pakati kuti mau atsike. Amene anaonapo mbalule ikuwambidwa pa moto gule asanayambe akudziwa kuti kulira kwa ng'oma si mwai, koma ndi nzeru yoyesedwa.

MUNTHU WODULA UNYOLO

Pa mseu wa Independence, pafupi ndi nyumba yosungiramo zinthu zakale imene inatsegulidwa m'caka ca 1996, paima cifanizo ca ufulu, ca munthu wodula unyolo. Cinaimikidwa m'caka ca 1974 pokumbukira zaka khumi za ufulu, ndipo cimakumbutsa za Zanco Mpundu Mutembo, mmodzi wa omenyera ufulu. Kwa zaka zambiri cinaoneka pa ndalama za pepala, kotero kuti ngakhale munthu amene sanapondepo mu Lusaka akucidziwa. Koma mwa anthu zikwi-zikwi amene amajambulitsa pamenepo, ndi ocepa amene amayang'ana mmene minofu ya mikono yakokekera, mmene cifuwa catukukira, ndi mmene unyolo wodukawo walendewera. Zimenezi ndizo zimacititsa kuti citsulo cosalankhula cigwire mtima wa munthu.

Amene anaumba cifanizoci ndi James Butler wa ku Britain. Palibe camanyazi pamenepo, koma ndi cikumbutso cakuti dziko lopanda amisiri ace limakagula kunja ngakhale nkhope ya ufulu wace. Mwamwai Zambia inabala ana ace aluso. Henry Tayali, amene anabadwira ku Serenje m'caka ca 1943 ndi kumwalira m'caka ca 1987, anaphunzira ku Makerere m'dziko la Uganda ndiponso ku Germany, nabwerera kudzagwira nchito kwao. Cifanizo cace ca wophunzira wotsiriza maphunziro ciri pa sukulu ya ukacenjede ya Zambia, m'mbali mwa mseu womwewo wa Great East umene mabasi a kum'mawa amaloweramo. Nyumba yoonetseramo zojambula imene inachedwa dzina lace ili mkati mwa bwalo la Sho, komabe mabanja ambiri amatuluka pa cipata osadziwa kuti inalipo.

ZA MAIKO ENA

Maiko olemera ali ndi malo akulu-akulu osangalalirako, ndipo anthu ena amaganiza kuti kumeneko zonse zimacitika ndi makina. Si conco iai. Malo ochuka a Disneyland, amene anatsegulidwa m'caka ca 1955 ku California m'dziko la America, anamangidwa ndi akalipentala, ojambula, osema ndi olima maluwa. Pa mseu wace waukulu, zipinda zapamwamba za nyumba zinamangidwa zocepa dala poyerekeza ndi zapansi, kuti diso linyengeke n'kuona ngati nyumbazo n'zazitali. Pa mazenera a mseu womwewo panalembedwa maina a anthu amene anathandiza kumanga ndi kuyendetsa malowo. Ku Johannesburg nako kuli Gold Reef City, malo osangalalirako amene anamangidwa pa mgodi wakale wa golide, ndipo kumeneko nyumba zinakonzedwa mofanizira tauni ya m'masiku oyamba a migodi, ija imene makolo ambiri a kuno anakagwirako nchito.

Phunziro lace ndi lakuti eni malo amenewo anazindikira kuti anthu sabwerera kaciwiri cifukwa ca katungwe yekha, koma cifukwa ca kukongola kwa tinthu ting'ono-ting'ono timene tinapangidwa mosamala. Anazindikiranso kuti mmisiri ayenera kuchulidwa dzina. Kuno kwao kwa amisiri a mlombwa, ziboliboli zambiri zimakwera ndege popanda dzina la wozisema. Cikanakhala canzeru kuti mmisiri aliyense azilemba dzina lace ndi la mudzi wace kunsi kwa nchito yace, pakuti munthu amene walemba dzina lace sagulitsa cinthu copanda pace.

MAU A OTSUTSA

Alipo amene anganene kuti nkhani imeneyi ndi ya anthu okhuta, ndipo munthu wa m'Kanyama amene nyumba yace imalowa madzi dzinja lirilonse alibe nthawi yosirira ziboliboli. Mau amenewa ali ndi coonadi cace, cifukwa njala siona kukongola. Koma amene akunenedwa pano ndi banja limene lalipira kale ulendo. Kuyang'anitsitsa sikuonjezera ngakhale ngwee imodzi pa mtengo wolowera, ndipo wosauka ndiye ayenera kupindula kwambiri ndi ndalama imene watulutsa, popeza sadziwa kuti adzapitanso liti.

Ena anganene kuti ana amapita kukasewera, ndipo kuwasandutsira tsiku la chuthi kukhala sukulu n'kuwalanda cimwemwe. Kholo lisacite ngati mphunzitsi wa cikwapu. Ana ayambe asewera mpaka atope, ndipo pamene akhala pansi kudya, kholo liwafunse cinthu cimodzi cokha: ndani anapanga mpando umene akhalirawo, ndipo anaulumikiza bwanji popanda msomali kuoneka? Mwana amakonda mwambi ndi ndagi, ndipo funso lotere amalilandira ngati masewera.

Palinso amene amapewa malo ngati Kabwata cifukwa ca cikhulupiriro cao, maka-maka akaona zigoba za kumaso zogulitsidwa kwa alendo. Munthu sakakamizidwa kugwira cimene mtima wace ukukana, ndipo za kudambwe zili ndi eni ace amene amazisunga. Ndi zoona kuti m'caka ca 2005 bungwe la UNESCO linalemekeza Gule Wamkulu wa Acewa pamodzi ndi Makishi a kumpoto ca kumadzulo monga cuma ca anthu a dziko lonse lapansi, koma ulemu umenewo sulamula munthu kusintha cipembedzo cace. Cofunika kukumbukira n'cakuti mtondo, mthiko, mphasa, mpando ndi dengu zilibe mlandu ndi mpingo uliwonse. Kukana zonsezi cifukwa ca cigoba cimodzi n'kuocha nkhokwe pofuna kupha khoswe.

Pomaliza pali nkhani ya mapulasitiki. Palibe angatsutse kuti cidebe ca pulasitiki n'copepuka ndi cochipa kuposa mtsuko, ndipo mai amene amatunga madzi kutali sangadzudzulidwe pocisankha. Koma si zonse zimene pulasitiki ingalowe m'malo mwace. Madzi a mu mtsuko amazizira popanda magetsi. Ndalama yogulira licero imatsala m'mudzi, pamene yogulira pulasitiki imapita kutali.

KUNENERERA KOPHA LUSO

Amene wayang'anitsitsa nchito ya mmisiri amasinthanso kagulidwe kace. Kunenerera mtengo ndi mwambo wa pa msika, ndipo wogulitsa amakuyembekezera. Koma pali kunenerera kwina kumene kuli ngati kuba. Munthu amene amalipira mosawiringula mtengo wolembedwa m'sitolo yaikulu, akafika kwa nkhalamba imene yasema mpando sabata yathunthu amafuna kuutenga pa mtengo wa botolo la zakumwa. Mmisiri amalola cifukwa ana ace ali ndi njala, koma mawa lace amaganiza kuti kusamala kulibe phindu. Amayamba kusema zinthu khumi pa nthawi imene ankasema cimodzi, ndipo luso limatsika. Kenaka wogula yemweyo amadandaula kuti amisiri a masiku ano ndi aulesi.

Vuto lomweli liri kumidzi, kumene ogula opikulitsa amatenga madengu ndi mphasa pa mtengo wocepa n'kukagulitsa mu Lusaka mowirikiza kangapo. Munthu wa kumudzi amene wapita ku Kabwata kapena ku Sho afunse mitengo ya zinthu zonga zimene iye amapanga, ndipo akabwerera akauze anzace. Oluka ndi osema akagwirizana m'kagulu kapena m'kopaletivu angathe kuika mtengo umodzi ndi kutumiza katundu wao pamodzi. Madengu amene amagulitsidwa pa mlato wa Luangwa, pamene mabasi amaima, ndi umboni wakuti nchito ya kumudzi ili ndi msika ngati yafika pamene pali anthu.

KOMBONI NAYO NDI CIONETSERO

Diso likazolowera kuona, silidikiranso tsiku la ulendo. M'mbali mwa mseu wa Alick Nkhata ku Kalingalinga mumayalidwa mabedi, mipando, zitseko ndi mafelemu a mazenera opangidwa pomwepo. Ku msika wa Buseko kufupi ndi Matero kumafikira matabwa ocokera m'zigawo zosiyana-siyana. M'komboni iliyonse muli wokhoma mbaula, wosoka zovala, wokonza nsapato ndi woumba njerwa. Anthu amenewa alibe yunifomu kapena ofesi, koma ndiwo amene amanga ndi kukongoletsa nyumba zambiri za mu mzinda.

Ngakhale ana eni ace ndi amisiri osadziwika. Mnyamata wa mu George kapena Mtendere amene wapinda waya n'kupanga galimoto yokhala ndi ciongolero ndi mawilo okhota waonetsa kale nzeru ya kuyeza, kulumikiza ndi kupirira. Makolo ambiri amamukalipira kuti akutola zinyalala. Cikanakhala bwino kumutengera kwa woocerera zitsulo kuti akaone kumene nzeru yotere imafikitsa munthu, pakuti kuongola mtengo m'poyamba.

Nkhani imeneyi ndi yaikulu cifukwa acinyamata otsiriza sukulu ndi ambiri kuposa nchito za m'maofesi. Njira zophunzirira umisiri zilipo. Sukulu za nchito za manja, monga ya Chipata Trades, zimayang'aniridwa ndi bungwe la TEVETA, ndipo pa koleji ya Evelyn Hone mu Lusaka pamaphunzitsidwa zojambula. M'caka ca 2022 boma linakweza ndalama za citukuko ca m'madera a aphungu, za CDF, kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lirilonse, ndipo gawo lina la ndalamazo linapatulidwa kuti lizilipirira acinyamata ofuna kuphunzira umisiri. Koma thandizo lotere silingapindulire mwana amene anakula akumva kuti nchito ya manja ndi ya olephera sukulu. Ulemu wa umisiri umabzalidwa ndi kholo, ndipo boma limangothirira.

POPANDA MTENGO PALIBE MMISIRI

Woyamikira cosemedwa ayeneranso kukumbukira kumene cinacokera. Mlombwa ndi phingo zimatenga zaka makumi ambiri kuti zikule, koma zimagwa pa tsiku limodzi. Makala amene amaphikira nsima m'makomboni a mu Lusaka amacokera m'nkhalango za kumidzi, ndipo aliyense woyenda pa mseu wa Great East amaona matumba ace ataimikidwa m'mbali mwa njira. Mtengo wa mukula, m'bale wace wa mlombwa, unadulidwa mosasamala ndi kutumizidwa kunja, mpaka m'caka ca 2019 maiko anagwirizana kuti malonda ace azilamulidwa ndi pangano la CITES loteteza zomera ndi nyama.

Apa ndi pamene anthu a kumidzi ali ndi mphamvu yoposa ya anthu a m'tauni. Mafumu ndi nduna zao angathe kuletsa kudula mlombwa waung'ono, kuteteza madambo a mlaza ndi bango ku moto wolusa, ndi kulimbikitsa kubzala nsungwi m'mbali mwa mitsinje pa nyengo ya dzinja. Mtengo umodzi ukasanduka makala umadyetsa banja masiku owerengeka, koma ukafika m'manja mwa kalipentala umasanduka citseko cimene zidzukulu zidzatsegula.

POBWERERA KUMUDZI

Chuthi cikatha, basi imaolokanso Luangwa kulowera kum'mawa, ndipo a kumudzi amasonkhana madzulo kuti amve za mu Lusaka. Mwana wina adzanena za nyumba zazitali ndi magalimoto ambiri, ndipo nkhani yace idzatha usiku womwewo. Koma mwana amene anaimitsidwa pamaso pa mmisiri adzayang'ana mtondo wa amace ndi maso atsopano. Adzapita kwa agogo ace amene amaluka nkhokwe n'kuwapempha kuti amuonetse poyambira. Adzazindikira kuti zimene alendo amaolokera nyanja kudzagula ndi zomwezo zimene zili pa khonde la kwao.

Amisiri akale akutha mmodzi-mmodzi, ndipo aliyense amapita ndi nzeru zimene sizinalembedwe m'buku lirilonse. Madzi akatayika saoleka. Conco makolo a m'makomboni ndi abale ao a kumidzi, pamene akonza ulendo wa caka cino, acepetseko liwiro. Alole ana kukwera katungwe, koma awaimitsenso pamene pali munthu wogwira kasemasema, singano kapena nsungwi, ampatse moni, amufunse, ndipo ngati thumba lilola, agule kanthu kamodzi pa mtengo woyenera thukuta lace. Akulu-akulu sananame pamene anati kuona maso a nkhono n'kudekha.